Ngale Ziwiri



Kapepala ka sabata ino kabadwa pa zimene zinatichitikira Loweruka lapitali. Titatseka phunziro ndi pemphero, chiperoni chinatitsekereza pakhonde, phiri lonse litakwiririka, ndipo panalibe wofuna kuyamba ulendo. Mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene akulemba mayeso a MSCE chaka chino, anatulutsa buku la The Pearl ndi kope la manotsi n'kuyamba kuloweza chamumtima. Tinamupempha kuti m'malo moloweza, atifotokozere nkhaniyo m'Chichewa kuti nafe timveko.

Anafotokoza bwino ndithu. Kino ndi mmphawi wa m'mbali mwa nyanja ku Mexico, amene amadya za kumira pansi pa madzi kufunafuna ngale. Mwana wake wakhanda, Coyotito, walumidwa ndi chinkhanira, koma dokotala wakana kumuona chifukwa Kino alibe ndalama. Tsiku lomwelo Kino apeza ngale yaikulu yoti sinaonekepo. Kuyambira pamenepo mtendere utha. Ogula ngale apangana kuti amudyere masuku pamutu, mbala zimulondalonda usiku, iye apha munthu, bwato lake libooledwa, nyumba itenthedwa, ndipo pothawira kumapiri mwana uja aomberedwa ndi mfuti. Kino ndi mkazi wake Juana abwerera kumudzi, ngale ija n'kuiponyanso m'nyanja.

Agogo a pakhomopo, amene sanapondepo m'kalasi ya Chingerezi, anali pambali akusankha nyemba m'lichero. Mtsikana uja atamaliza, iwo anati, osadzutsa n'komwe mutu: "Imeneyo si ngale ija ya kwa Mateyu? Kungoti mzungu wakoyo waitembenuza chadodolido."

Mtsikanayo anatsegula manotsi ake. Munali mawu oti umbombo, umphawi, tsankho, zonse zondandalikidwa bwino ndi manambala. Za Mateyu munalibe.

Tiyeni tione chimene agogowo anamva. Pa Mateyu 13, ndime 45 ndi 46, Yesu akuyerekeza ufumu wa Kumwamba ndi wamalonda wofunafuna ngale zabwino, amene atapeza imodzi ya mtengo wapatali anagulitsa zonse anali nazo kuti aigule. Fanizolo ndi lalifupi, mizere iwiri basi. John Steinbeck anatulutsa The Pearl mu 1947, ndipo pachiyambi penipeni pa bukulo amachenjeza kuti nkhani yakeyo mwina ndi fanizo. Mu Uthenga Wabwino munthu ataya zonse mwa kufuna kwake, napeza chuma chosatha. Kwa Steinbeck munthu apeza ngale, ndipo ngaleyo imulanda zonse asakufuna, mpaka mwana. Wodziwa fanizo loyambalo akawerenga lachiwirili amamva funso limene manotsi safunsa: ngale iti yoyenera kugulitsira zonse, ndipo munthu angaizindikire bwanji asanagulitse?

Pano tinene maganizo athu mosabisa. Kungolemba kuti Kino anagwa ndi umbombo n'kumulakwira. Taonani zimene analakalaka atapeza ngale: ukwati wa kutchalitchi, zovala zatsopano, mfuti, ndipo koposa zonse kuti Coyotito apite kusukulu, adzathe kuwerenga zimene zalembedwadi m'mabuku, anthu ophunzira asamawanamizenso. Ndani mwa makolo amene amadzukira m'mamawa kukathyola tiyi, dengu kumsana, amene salota maloto omwewo? M'bukumo Kino akukumbukiranso ulaliki umene wansembe ankaubwereza chaka ndi chaka, woti munthu aliyense akhale pamalo pamene Mulungu anamuika, ndipo wofuna kuchokapo amalangidwa. Ulaliki wotere ukufanana ndi zimene makolo athu anakumana nazo. Alomwe ambiri amene anaoloka kuchokera ku Mozambique anafikira m'minda ya azungu, namagwira thangata kuti apatsidwe pokhala. John Chilembwe wa ku Mbombwe, kwa anansi athu a ku Chiradzulu, anawerenga Baibulo lomwelo napezamo kuti anthu onse ndi olingana pamaso pa Mlengi, ndipo zimene zinatsatira mu Januwale 1915 tonse tinaziphunzira. Buku limodzi, wina kulisandutsa goli, wina kulisandutsa chomasulira. Steinbeck akulemba za mkangano umenewu, ndipo wosadziwa Malemba angoona wansembe wadyera, n'kupitirira.

N'chifukwa chiyani mabuku a azungu amakhala otere? Taganizirani mmene akuluakulu athu amanenera miyambi. Pabwalo la milandu mkulu amangoti, "Mapanga awiri..." n'kusiyira pomwepo. Onse amaseka kapena kugwedeza mitu, chifukwa theka linalo lili kale m'mitima mwawo. Mlendo yekha ndiye amatsala kukamwa kuli yasa. Kwa zaka mazana ambiri, anthu a ku Ulaya ankamva Malemba akuwerengedwa mokweza Lamulungu lililonse, odziwa kuwerenga ndi osadziwa omwe. Ku England kunali Baibulo la Geneva la 1560, limene ophunzira amati William Shakespeare ankalidziwa bwino, kenaka la Mfumu James la 1611. Olemba awo anazolowera kunena theka la mwambi. Amangotchula dzina, munda, chigumula, m'bale wopha m'bale wake, podziwa kuti wowerenga amaliza yekha.

Chisudzo cha Macbeth, chimene ana athu akhala akulimbana nacho m'Fomu 3 ndi Fomu 4, n'chodzaza ndi matheka otere. Macbeth wapha Mfumu Duncan, amene anali mbale wake komanso mlendo wogona m'nyumba mwake. Mkazi wake akumulimbitsa mtima kuti timadzi pang'ono tichotsa zonse, pamene iye akuona kuti ngakhale nyanja yonse singamuyeretse manja. Kumapeto ndi mkazi uja amene akuyenda ali m'tulo, akupukutapukuta manja osayera. Oonerera a nthawi ya Shakespeare sakanalephera kukumbukira Pilato pa Mateyu 27, akusamba m'manja pamaso pa khamu pofuna kudzichotsa pa mlandu wa magazi. Koma mwambowo ndi wakale kuposa Pilato. Pa Deuteronomo 21 pali lamulo loti mtembo ukapezeka kuthengo, wakupha osadziwika, akulu a mudzi woyandikira azipha ng'ombe yaikazi kuchigwa, nasambe m'manja pamwamba pake, kuchitira umboni kuti magaziwo sanakhetse ndi iwo. Kusambako kunali kwa anthu osalakwa. Pilato anakubwereka ali ndi mphamvu yopulumutsa munthu, ndipo Lady Macbeth akukubwereka magazi ali m'manja. Mwambo umodzi, ukutsika masitepe atatu.

Werenganinso 1 Mafumu 21. Ahabu akufuna munda wa mpesa wa Naboti, Naboti akukana chifukwa ndi cholowa cha makolo ake. Mfumu ikukagona chafufumimba, yokana kudya. Yezebeli akuitonza kuti kodi mfumu ndi ndani m'dziko muno, kenaka akukonza yekha chiwembu, Naboti n'kuponyedwa miyala. Mkazi wotonza mwamuna wake kuti ndi wamantha mpaka magazi atakhetsedwa, simukumudziwa? Ndipo pamene Macbeth, zinthu zitamuthina, akubwerera kwa afiti kukafunsa za mawa, akuponda m'mapazi a Sauli pa 1 Samueli 28, amene anapita usiku atadzibisa kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori, n'kukamva za imfa yake yomwe. (Nkhani ya Naboti tidzaibwerere tsiku lina payokha. Kuno kumene malo olima ndi ochepa chonchi, ili ndi zambiri zotiuza.)

Nkhani ya Pilato ija itikumbutse chinthu china chimene sitiyenera kuchilumpha. Mabuku amene ambiri timawatcha Chipangano Chakale ndi Malemba a Ayuda, ndipo eni ake sawatcha akale. Amawatcha Tanakh, amawawerenga m'Chihebri mpaka lero, ndipo amawagawa patatu: Chilamulo, Aneneri ndi Zolembedwa. Iwo amawerenga mabuku 24 pamene Baibulo la mipingo ya Chipulotesitanti lili ndi 39. Mawu ake ndi omwewo, kusiyana ndi kagawidwe ndi kasanjidwe. Kasanjidweko si nkhani yaing'ono. Kwa Akhristu ambiri gawoli limathera pa Malaki, ndi lonjezo la kubwera kwa Eliya, ndipo ukatembenuza tsamba ukupeza Mateyu. Kwa Ayuda limathera pa 2 Mbiri, pamene Koresi mfumu ya Perisiya akulola andende kubwerera ku Yerusalemu kukamanga kachisi. Wina buku lake likutha ndi kudikira, wina likutha ndi ulendo wobwerera kwawo.

Olemba ambiri a ku Ulaya anawerenga Malemba a Ayuda kwinaku akunyoza Ayudawo. Mutu 27 wa Mateyu womwe uja unagwiritsidwa ntchito zaka mazanamazana ponamizira mtundu wonse mlandu wa imfa ya Yesu, kuiwala kuti Yesuyo, amayi ake ndi ophunzira ake onse anali Ayuda. Mu The Merchant of Venice, Myuda Shylock akudziteteza pa nkhani ya katapira pofotokoza mmene Yakobo anachulukitsira ziweto zake kwa Labani, nkhani ya pa Genesis 30, ndipo pomaliza bwalo likumukakamiza kusiya chipembedzo chake. Shakespeare analemba zimenezi m'dziko limene linathamangitsa Ayuda mu 1290. Mwana wathu akawerenga chisudzochi popanda womuunikira, adzatola tsankho la eni ake pamodzi ndi Chingerezi chawo, ngati munthu wogula kaunjika wosachapa. Ife amene timaphunzira sabata ndi sabata kuti tsankho la mtundu uliwonse liyenera kuzulidwa, tili ndi udindo pamenepa.

Tsopano tifike pa nkhani imene tikufuna tiiwerenge limodzi. Ena mwa inu munaonapo buku la Alan Paton, Cry, the Beloved Country, lotuluka mu 1948, chaka chomwe chipani cha tsankho chinatenga boma ku South Africa. Mbusa wokalamba, Stephen Kumalo, akuchoka kumudzi kwawo ku Ndotsheni kupita ku Johannesburg kukafuna mlongo wake ndi mwana wake wamwamuna amene anasiya kulemba makalata. Akuyenda komboni ndi komboni, paliponse akuuzidwa kuti anali pano koma anasamuka. Pomupeza, mnyamatayo ali m'manja mwa apolisi: polowa m'nyumba kukaba, anaombera Arthur Jarvis, mzungu amene ankamenyera ufulu wa anthu akuda. Aweruzidwa kuti anyongedwe. Dzina la mnyamatayo ndi Absalom.

Amene anawerengapo 2 Samueli 13 mpaka 19 akangoona dzinalo mtima umagunda, chifukwa akudziwa kale kuti bamboyu adzalira. Koma ambiri a ife timangodziwa mathero ake, Abisalomu atakodwa mutu mu mtengo, Yowabu namulasa. Timati anali mwana wopanduka, basi. Bwererani kumayambiriro. Amnoni, mwana wamkulu wa Davide, anagwirira Tamara, mlongo wake wa Abisalomu. Davide atamva anakwiya kwambiri, koma sanachitepo kanthu. Tamara anakhala m'nyumba ya Abisalomu ali wosweka mtima. Zaka ziwiri zinatha, bwalo osakhala, mlandu osazengedwa, mpaka Abisalomu anadziweruzira yekha, napha Amnoni pa phwando la kumeta nkhosa. Anathawira ku Gesuri zaka zitatu. Atabwerera ku Yerusalemu anakhalanso zaka ziwiri osaloledwa kuona nkhope ya bambo ake. Pambuyo pake ndi pamene anayamba kuima pachipata, akuuza aliyense wobwera ndi dandaulo kuti kwa mfumu kulibe womumvera. Kodi bodza linalipo pamenepo? Analankhula zimene zinamuchitikira mlongo wake.

Kupanduka kwake kunali koipa, ndipo Malemba sabisa. Koma sabisanso kuti kunamera pa chete wa bambo. N'chifukwa chake kulira kwa Davide m'chipinda cha pamwamba pa chipata, akulakalaka akanafa ndi iye m'malo mwa mwanayo, kumapweteka chotere. Akulira mwana, akuliranso zaka zonse zija anakhala duu.

Paton posankha dzinali akutiuza kuti tisafulumire kuloza chala mnyamata yekhayo. Mlandu anapalamuladi, ndipo iye mwini akuuvomera. Koma ndani anakhala chete pamene nthaka ya ku Ndotsheni inkakokoloka, midzi n'kutsala ya nkhalamba ndi ana, anyamata onse atamezedwa ndi migodi? M'bukuli muli abambo awiri olira, Kumalo ndi James Jarvis, bambo wa wophedwayo, amene anali ndi famu kumtunda kwa chigwa chomwecho koma sanadziwepo mavuto a anansi ake mpaka atawerenga zolemba za mwana wake womwalirayo. Usiku woti kukacha Absalom anyongedwa, Kumalo akukwera phiri yekha kukachezera. Davide nayenso, pothawa mwana wake, anakwera Phiri la Azitona wopanda nsapato, akulira.

Kodi m'gulu lathu lino muli banja limene lilibe wake ku Joni? Agogo athu anapita pa Wenela, ana athu akupita pa basi kudzera ku Mwanza, ndipo foni ikasiya kulira timagona maso ali gwa. Ndipo za Tamara, kodi n'zachilendo? Mwana wamkazi akalakwiridwa ndi wachibale, si kawirikawiri timati zithere m'nyumba, tisachititse banja manyazi? Nkhani imeneyi inalembedwa kalekale ku Yuda, Paton anaibwereka ku Natal, koma ikafika pakhonde pathu ikutifunsa ifeyo.

Olemba a kuno ku Africa nawonso amanena matheka a miyambi yomweyi. Mu Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya 1958, Okonkwo akutema ndi chikwanje Ikemefuna, mnyamata amene ankamutcha bambo, ndipo palibe mngelo womugwira dzanja. Mwana wake Nwoye, amene imfayo inamuswa mtima, atalowa Chikhristu akutenga dzina loti Isaac. Wodziwa Genesis 22 safunika kumufotokozera. Ngugi wa Thiong'o anatenga mutu wa A Grain of Wheat, ya 1967, pa fanizo la mbewu yoyenera kufa kuti ibale. Ndipo Legson Kayira wa kumpoto kwa dziko lathu lino, ponyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro ku America, mabuku amene ananyamula anali Baibulo ndi The Pilgrim's Progress ya John Bunyan. Ulendowo anaufotokoza mu I Will Try, ya 1965.

Bambo wina wa Chisilamu, amene mwana wake amabwera ku gulu la achinyamata, atamva kuti tikufuna kuwerenga Baibulo ndi ana anatifunsa mwaulemu ngati imeneyi si njira yowakokera kutchalitchi. Funsolo ndi loyenera, ndipo mwina ena muli nalo koma simunalitulutse. Tinawayankha kuti sitiwerenga kuti wina asiye kwawo. Mwana wawo adzakumana ndi Macbeth yemweyo pa mayeso, ndipo si chilungamo kuti mnzake wokulira ku Sande sukulu alowe m'chipinda cha mayeso ali ndi kiyi amene iye sanapatsidwe. Tinawakumbutsanso kuti mwana wawoyo sabwera chimanjamanja. Ibrahim, Musa, Daudi ndi Yusufu amawadziwa kale, ndipo sura 12 ya Qur'an yonse ndi nkhani ya Yusufu. Tsiku lowerenga za Yosefe adzatiphunzitsa ndi iyeyo pamene nkhani ziwirizi zikugwirizana ndi pamene zikusiyana. Anavomera, koma anati tsiku loyamba adzabwera okha kudzamvera. Tawalandira ndi manja awiri.

Kwa ife Abahá'í, Malemba amenewa si a eni ake ena oti tingowasuzumira pawindo. Bahá'u'lláh, mu Kitáb-i-Íqán imene anailemba ku Baghdad cha m'ma 1861, anakana maganizo oti Uthenga Wabwino weniweni unatayika, ndipo anatenga masamba ambiri kumasulira ndime za pa Mateyu 24 zonena za dzuwa kuda ndi nyenyezi kugwa, kusonyeza kuti mawu otere ali ndi matanthauzo ozama kuposa mmene amamvekera. Kawerengedwe kodekha kameneka, kofunsa kuti chithunzi ichi chikuimira chiyani, n'komwenso mphunzitsi wa Literature amafuna kwa mwana wa Fomu 4. Kusiyana kulipo, ndipo tisakubise: Mawu a Mulungu timawawerenga kuti atisinthe, pamene Steinbeck ndi Shakespeare ndi anthu anzathu, tikhoza kutsutsana nawo. Koma diso lake ndi limodzi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto lathu, tivomereze, n'loti timaganiza kuti Baibulo timalidziwa chifukwa tinakulira pakati pake. Chimene ambiri tikudziwa ndi mavesi: la pamaliro, la paukwati, la pokangana ndi a mpingo wina pamsika. Nkhani yathunthu, kuyambira pamene inayambira mpaka pamene yathera, ndi ochepa anaiwerengapo, ndipo ife amene tikulemba kapepala kano nkhani ya Tamara tinaipeza titakula kale, ngakhale dzina la Abisalomu tinalimva tili ana. Olemba mabuku aja sabwereka mavesi okha. Amabwereka nkhani, ndi zonse zochititsa manyazi zili m'menemo.

Choncho Loweruka likudzali tichite motere. Aliyense awerengeretu 2 Samueli 13 mpaka 19 kunyumba, mitu yonse isanu ndi iwiri, osadumpha. Bwerani ndi Baibulo limene muli nalo. Ena muli ndi Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 ndipo Chinyanja chake ndi chakale, ena Malembo Oyera la Akatolika, ena Buku Loyera la 1998 limene ana amalimva msanga. Kusiyana kwa mawu kudzatithandiza, tidzayerekeza. Mutu 13 ndi wolemera, choncho ana aang'ono adzakhala ndi mphunzitsi wawo kuseri pamene tikuukambirana. Powerenga dzifunseni kuti Davide akanachita chiyani, ndipo liti, kuti nkhaniyi ithe mwina. Mudzifunsenso kuti Tamara akutchulidwa komaliza pati, ndipo pambuyo pake ndani akumukumbukira.

Buku la Paton tili nalo limodzi lokha, lobwereka, masamba ena akumapeto ndi omata ndi selotepi. Ana a sekondale adzatiwerengera zigawo zingapo n'kutimasulira. Agogo aja tawapempha kale kuti adzakhale nafe pamphasa, osati pambali ndi lichero, ndipo ayankha kuti abwera ngati wina awapezera magalasi, poti awo anathyoka mwendo umodzi. Amene ali ndi ena osagwiritsa ntchito abwere nawo.